Tchuthi ku Blantyre: Zoona ndi Zophunzira Zosaboola M'thumba



Mayeso a teremu yachitatu akangotha, minibasi za pa Chinakanaka zimadzaza ndi ana a sukulu. Wina akupita kwa azakhali ku Bangwe, wina kwa achimwene ake ku Ndirande, wina kwa amalume ku Machinjiri. Amanyamula kathumba ka ufa, nandolo ndi nanazi zoti akapereke kwa eni khomo. Sukulu ikatsegulira mu Sepitembala timawafunsa m'kalasi kuti, "Munakaona chiyani ku Blantyre?" Ambiri amayankha kuti ankaonera mafilimu pa kanema, ankatunga madzi, ndipo tsiku lina anakazungulira m'mashopu a ku Chichiri n'kubwerako osagula kanthu. Tikafunsa chifukwa chake, yankho limakhala limodzi: "Tinalibe ndalama."

Phunziro lino likutsutsa yankho limenelo. Zinthu zambiri zopindulitsa mumzinda wa Blantyre sizilira ndalama, ndipo zomwe zimalira ndalama ndi zoti mwana wa sukulu angakwanitse. Chomwe chimasowa kawirikawiri ndi dongosolo. Kholo limagulitsa nkhuku kapena nandolo kuti mwana apeze thiransipoti, pomwe fizi ya teremu yoyamba ili pakhomo. Ngati mwanayo abwerako wopanda chatsopano m'mutu, ndalama ija yapita m'madzi. Tiyeni tione momwe masiku atatu okha, ndi ndalama zochepa, angasandutsire tchuthi kukhala kalasi ya Mbiri, Jogalafe ndi maphunziro a za chikhalidwe cha anthu.

Dziwani kaye mzindawo

Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti mumzinda wa Blantyre muli anthu oposa 800,000. Chiwerengerochi chikuposa cha boma lonse la Mulanje, kuyambira ku Muloza mpaka ku Nkando. Mlendo wosadziwa njira amasokonezeka msanga pamalo otere, choncho sungani chithunzi ichi m'mutu: mzindawu uli ndi mitu iwiri, Limbe ndi Blantyre, yolumikizidwa ndi msewu umodzi waukulu wotchedwa Masauko Chipembere Highway. Mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 8. Matauni awiriwa anali osiyana mpaka mu 1956 pamene anaphatikizidwa.

Ife a ku Mulanje, kaya tadzera msewu wa Midima kapena wa ku Thyolo, timatsikira ku Limbe. Kuchoka ku Limbe kulowera ku Blantyre mumadutsa pa Maselema, Chichiri ndi Ginnery Corner, kenaka mumafika pa Clock Tower n'kulowa m'tauni. Malo ambiri omwe titchule m'phunziro lino ali m'mbali mwa msewu umenewu. Mukasokera, yang'anani mapiri. Michiru, Ndirande ndi Soche azungulira mzindawu, ndipo mukafunsa achibale anu tsiku loyamba kuti phiri ili ndi liti, simudzavutika kudziwa komwe mwalowera.

Gawani ndalama musananyamuke

Mitengo ya minibasi imasintha mafuta akakwera kapena akasowa, choncho sitilemba mitengo pano. Funsani pa siteji kutatsala tsiku limodzi. Chomwe sichisintha ndi kagawidwe ka ndalamazo. Zigaweni panayi.

Gawo loyamba ndi thiransipoti yobwerera kumudzi. Imeneyi musaigwire zivute zitani. Ndi bwino kuipereka kwa achibale omwe mwafikirako kuti akusungireni, kapena ikhale pa Airtel Money kapena Mpamba ya kholo mpaka tsiku lobwerera. Gawo lachiwiri ndi la minibasi za m'tauni. Lachitatu ndi lolipira pakhomo pa malo monga nyumba yosungiramo zinthu zakale. Lachinayi, lochepetsetsa, ndi la chakudya cha pamsewu.

Ndalama zambiri za mlendo zimathera pa minibasi zamtunda waufupi ndi pa zakumwa. Mukakwera kamodzi m'mawa kukatsikira pa Chichiri, malo otsalawo mungayende pansi. Mwana amene amayenda makilomita angapo tsiku ndi tsiku kubwera kusukulu sangalephere kuchoka pa Chichiri kukafika pa Ginnery Corner. Tengani botolo la madzi kuchokera kunyumba, kope ndi cholembera. Tengani juzi, chifukwa m'mawa wa mu Ogasiti ku Blantyre kumazizira ndipo mphepo imaomba ndi fumbi.

Tsiku loyamba: Chichiri

Yambirani ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri, yomwe inatsegulidwa mu 1966. Pakhomo pamalipiridwa ndalama yochepa. Tengani chiphaso cha sukulu ndipo mufunse mtengo wa ophunzira. M'kati muona zida za miyala ndi zachitsulo zomwe makolo athu ankagwiritsa ntchito, mbiya, ndalama zakale za dziko lino, ndi zinthu za nthawi ya malonda a akapolo. Panja pali mitu ya sitima zapamtunda zoyendera nthunzi ndi galimoto zakale. Mwana wa Fomu 2 amene wangowerenga za nyengo ya chitsulo m'buku adzamvetsa bwino akaona khasu ndi mkondo weniweni. Musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sankhani zinthu zisanu, mulembe dzina la chilichonse, komwe chinachokera ndi ntchito yake.

Mukatuluka, pitani kufupi ndi bwalo la zamasewero la Kamuzu. Pabwalo limeneli ndi pomwe mbendera ya Britain inatsitsidwa ndipo ya Malawi inakwezedwa pamene dziko lino linkalandira ufulu pa 6 Julaye 1964. Chapafupi pomwepo, pamwamba pa msewu waukulu, pali chipilala chokumbukira ufuluwo. Anthu ambiri amadutsa pansi pake tsiku lililonse osakweza maso. Inu imani, muchione bwino, muchijambule m'kope mwanu. Okonda mpira adziwe kuti Blantyre ndiye kwawo kwa Bullets ndi Wanderers. Masewero a matimu awiriwa akakumana amadzaza anthu ndipo nthawi zina pamabuka chisokonezo, choncho mwana asapiteko yekha. Masewero a matimu ang'onoang'ono m'mabwalo a m'makwalala ndi aulere, ndipo mpira wake umakoma ndithu.

Ku Chichiri komweko kuli khoti lalikulu. Ambiri sadziwa kuti milandu yochuluka imazengedwa poyera, ndipo munthu aliyense wovala modzilemekeza angathe kukhala kumbuyo n'kumamvetsera popanda kulipira. Milandu yokhudza ana ndiyo imazengedwa mwachinsinsi. Si tsiku lililonse pamene pamakhala mlandu, choncho funsani alonda a pageti kapena akalaliki, ndipo akhoza kukulozerani ku khoti la majisitireti. Zimitsani foni, imirirani woweruza akamalowa, musajambule chithunzi. Ola limodzi m'khoti lidzakuphunzitsani ntchito ya woweruza, loya, wapolisi woimira boma pamlandu ndi womasulira kuposa masamba khumi a notsi.

Malizani tsikuli poyenda pansi kulowera ku Ginnery Corner. Dzinali linabwera chifukwa cha fakitale yochotsa njere za thonje yomwe inali pamalopo. M'njiramo muona sukulu ya ukachenjede ya MUBAS, yomwe makolo amaidziwa kuti Poly. Inayamba mu 1965 ndipo inaima payokha mu 2021. Kutsogolo kwake kuli chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chomwe chinatsegulidwa mu 1958, ndipo kufupi nacho kuli KUHeS komwe amaphunzitsa madokotala, anamwino ndi akatswiri a mankhwala. A Fomu 3 ndi Fomu 4, malo awa ndi anu. Ngati muli ndi mbale kapena mnzanu wa kumudzi amene amaphunzira kumeneko, m'pempheni akuyendetseni. M'funseni mapointi omwe anapeza pa MSCE, maphunziro omwe amafunika pa kosi yake, ndi momwe amapezera ngongole ya boma yolipirira sukulu. Ana ambiri amalimbikira Masamu ndi Sayansi akangoona ndi maso awo komwe maphunzirowo amafikitsa munthu.

Tsiku lachiwiri: Blantyre wakale

Mzindawu unayamba mu 1876 pamene amishoni a ku Scotland anakhazikitsa mishoni m'dera la mfumu Kapeni. Amene anasankha malowo ndi Henry Henderson, mothandizidwa ndi womasulira wake Tom Bokwito. Anawatcha Blantyre potengera tauni ya ku Scotland komwe David Livingstone anabadwira. Eni dera mpaka lero amati ku Kabula.

Pamishonipo pali tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Anachikonza ndi m'busa David Clement Scott, yemwe sanaphunzirepo za zomangamanga, ndipo anachimanga ndi anthu akuda a m'derali pogwiritsa ntchito njerwa zoumbidwa ndi kuotchedwa komweko. Chaima zaka zoposa 130. Imeneyi ndi nyumba yopemphereramo anzathu a mpingo wa CCAP, choncho pitani tsiku la m'kati mwa sabata, pemphani chilolezo ndipo muonetse ulemu womwe mungafune mlendo aonetse pamalo anu opemphererapo. Yang'anani kaumbidwe kosiyanasiyana ka njerwazo ndi momwe anazipindira pamwamba pa makomo ndi mawindo. Amene amafuna kudzakhala amisiri ndi mainjiniya ali ndi zambiri zoti aonepo. Scott yemweyo ndi amene analemba dikishonale ya Chimang'anja yomwe inatuluka mu 1892.

Pali chinanso chotikhudza ife a ku Mulanje. Tiyi anayamba kuyesedwa m'munda wa pamishoni imeneyi, ndipo mu 1891 Henry Brown anatenga mbewu yake n'kudzadzala kuno kwathu. Minda yobiriwira yomwe timaiona tsiku ndi tsiku, momwe abale athu ambiri amagwira ntchito, gwero lake ndi pamenepo.

Kufupi ndi mishoni kuli depoti ya mabasi ya Wenela. Dzinali likuchokera ku bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, lomwe linkalemba anthu okagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Agogo athu ambiri opita ku Joni ankadzera m'manja mwa bungweli. Mu 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthuko. Lero pa Wenela pomwepo achinyamata amakwera mabasi a ku Johannesburg. Mukabwerera kumudzi, kafunseni agogo amene anapitako kuti akusimbireni, kenaka muyerekeze ulendo wawo ndi wa achimwene anu a masiku ano.

Kuchoka apo dutsani m'tauni mulowere ku Mandala. Kumeneko kuli nyumba yosanja yomwe inamangidwa mu 1882, imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zomwe zidakaima m'dziko muno. Inali ya kampani ya African Lakes, yomwe inkayendetsedwa ndi John Moir ndi m'bale wake Frederick. John ankavala magalasi a maso, anthu n'kumutcha Mandala, ndipo dzinalo linafalikira ku kampani, kumasitolo ake ndi kudera lonselo. Mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anathyola nyumba yosungiramo mfuti ya kampaniyi pofuna zida zomenyera nkhondo atsamunda. Chilembweyo, amene nkhope yake ili pa ndalama ya K2,000, anaphedwa mu Febuluwale chaka chomwecho akuthawira chakuno ku Mulanje. Masiku ano m'nyumba ya Mandala muli malo oonetsera zojambulajambula ndi zosemasema, ndipo m'mwamba muli laibulale ya bungwe la Society of Malawi yosunga mabuku, mapu ndi zithunzi zakale. Funsani nthawi yomwe amatsegula.

Ngati nthawi yatsala, funsani njira ya ku laibulale ya boma ya National Library Service. Kumeneko mungawerenge nyuzi ndi mabuku okonzekera mayeso omwe pasukulu pathu ndi ochepa. Amene akhale m'tauni mwezi wathunthu afunse za kalembetsedwe, chifukwa maola awiri patsiku m'laibulale angasinthe zotsatira za teremu yoyamba.

Mayina a misewu ndi buku laulere

Poyenda m'tauni werengani zikwangwani za misewu. Victoria Avenue ikukumbutsa mfumukazi ya ku Britain yomwe inkalamulira pamene dziko lino linkalowa m'manja mwa atsamunda mu 1891. Henderson Street ndi ya Henry Henderson uja. Glyn Jones Road ndi ya bwanamkubwa womaliza wa Nyasaland. Haile Selassie Road ndi ya mfumu ya ku Ethiopia, Kenyatta Drive ndi ya mtsogoleri woyamba wa Kenya, ndipo Hannover Avenue ikuimira ubale wa Blantyre ndi mzinda wa Hannover ku Germany. Masauko Chipembere, mwini dzina la msewu waukulu uja, anali nduna ya zamaphunziro. Anasemphana maganizo ndi Dr Banda pa mkangano wa nduna wa 1964, ndipo anamwalirira ku America mu 1975.

Lembani mayina khumi, kenaka mudzifunse: ndi angati a atsamunda, ndi angati a Amalawi, ndi angati a amayi? Mukanapatsidwa mphamvu yotcha msewu wodutsa pa Chinakanaka, mukanautcha dzina la yani, ndipo chifukwa chiyani?

Tsiku lachitatu: Limbe ndi mapiri

Limbe inakula chifukwa cha njanji ndi fodya. Njanji yochokera kuchigwa cha Shire, yodzera pa Luchenza, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo m'zaka zomwezo kampani ya Imperial Tobacco inamanga fakitale yake ku Limbe. Mpaka lero ku Limbe kuli okushoni ya fodya, ndiponso msika womwe tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo amagulitsidwira kwa ogula a kunja. Kuona siteshoni ya sitima ndi mabogi ake uli chapatali sikulira ndalama, koma musayende panjanji.

Lowani mumsika wa Limbe ndi kope m'manja. Funsani mtengo wa nanazi, nthochi, nandolo, tomato ndi chinangwa, kenaka muyerekeze ndi mitengo ya pamsika wathu wa Chinakanaka. Funsani mwaulemu mayi mmodzi wogulitsa kuti katundu wake amaoda kuti, amalipira zingati pomunyamula, ndipo chiphaso cha msika ndi ndalama zingati patsiku. Sankhani nthawi yomwe alibe makasitomala, ndipo ngati mungathe, m'gulenipo kanthu kakang'ono. Mukachotsera zonsezo mudzaona phindu lenileni, ndipo mudzamvetsa chifukwa chake mlimi amalandira zochepa pomwe wogula wa m'tauni amalipira zambiri. Limeneli ndi phunziro la Zaulimi ndi la Bizinesi pamodzi, ndipo likhoza kuthandiza makolo anu pokambirana mitengo ndi mavenda.

Masana kwezani maso kumapiri. Phiri la Ndirande linali ndi nkhalango, koma lero ndi lambee. Ku Soche nyumba zakwera mpaka m'mapiri motsetsereka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Ife a ku Mulanje ndi Phalombe tikudziwa ululu wa namondwe ameneyu chifukwa nafenso tinaika maliro. Mukapita kuderalo musakhale ngati okaonerera. Yang'anani zipsera za m'phirimo, muone pomwe madzi anadzera ndi pomwe anthu amanganso, ndipo mudzifunse chomwe chimakankhira munthu kumanga pamalo oopsa. Yankho lake likhudza umphawi, kusowa kwa malo ndi kudula mitengo.

Ofuna kukwera phiri apite ku malo otetezedwa a Michiru, komwe kuli njira zoyendamo ndi alonda a nkhalango. Pakhomo pamalipiridwa, ndipo ndi bwino kupita pagulu limodzi ndi munthu wamkulu. Ana okulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje angaseke kuti mapiri a ku Blantyre ndi zulu chabe, koma pamwamba pake mzinda wonse umaoneka ngati mapu. Dziwaninso kuti ena mwa madzi omwe anthu a mumzindawu amamwa amachokera mumtsinje wa Likhubula kuno kwathu, kudzera m'mapaipi opita ku Nguludi komwe amayeretsedwa. Tikasamala mitengo ya m'phiri lathu, timasamala ndi mipopi ya ku Bangwe.

Chakudya ndi nthawi ya swala

Idyani phala kapena mbatata kunyumba musananyamuke, ndipo munyamule chigumu, zitumbuwa kapena mtedza wokazinga. Malo odyera owala magetsi a m'mashopu akuluakulu angakudyereni ndalama ya masiku atatu pa mbale imodzi. Mukafuna kugula chakudya chophikaphika, m'misika muli malo a nsima otsika mtengo. Sankhani paukhondo, pomwe chakudya chili chotentha ndipo pali madzi osamba m'manja. Pa za nyama, yang'anani chizindikiro cha halaal kapena funsani. Pa chiwaya cha m'mbali mwa msewu onetsetsani zomwe zikukazingidwa m'mafuta omwewo. Mukakayika, nyemba, usipa, mazira owiritsa ndi zipatso zilipo.

Ku Limbe ndi m'tauni ya Blantyre kuli mizikiti ikuluikulu yosavuta kuipeza. Konzani ulendo wanu kuti nthawi ya Zuhur ikupezeni pafupi ndi umodzi mwa iyo. Mudzaswali, mudzapuma pamthunzi, ndipo mudzapeza akuluakulu okulozerani njira mokhulupirika. Lachisanu nyamukani msanga chifukwa pa Jumu'ah pamadzaza.

Kudzisamala

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'malo odzaza anthu monga m'depoti ndi m'misika muli opisa m'matumba, choncho chikwama chikhale kutsogolo ndipo foni isaonekere. Musaime pomwe anthu aunjikana kuchita juga ya makhadi. Amene akuoneka ngati akuwina amakhala a gulu lomwelo. Munthu akakuimbirani kapena kukutumizirani uthenga woti wakutumizirani ndalama molakwitsa, kapena woti mwawina mphoto, musayankhe ndipo musapereke nambala yanu yachinsinsi. Oitanira minibasi asakulandeni katundu m'manja. Funsani mtengo ndi komwe ikupita musanakwere.

Msewu wa Chipembere uli ndi galimoto zothamanga mbali zonse ziwiri. Wolokerani pa mizere yoyera kapena pomwe pakonzedwera oyenda pansi. Kabaza wanjinga yamoto wopanda chipewa choteteza mutu musakwere, ngakhale atatsitsa mtengo. Bwererani kunyumba dzuwa lisanalowe, ndipo achibale adziwe komwe mwapita ndi amene mwapita naye. Nambala ya foni ya eni khomo ilembedwe papepala, chifukwa foni ikhoza kubedwa kapena kutha moto.

Atsikana ndi anyamata omwe, chenjerani ndi munthu wosamudziwa wokulonjezani ntchito, foni kapena ulendo wa kunja. Ana ena anapita kutchuthi osabwereranso kusukulu chifukwa cha malonjezo otere. Wina akakuchitirani nkhanza kapena kukukakamizani zosayenera, ngakhale atakhala wachibale, uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, pitani kupolisi, kapena imbani nambala yaulere yothandiza ana ya 116.

Pakhomo pa eni

Moyo wa m'tauni ndi wogula chilichonse: makala, madzi, magetsi, ndiwo, ngakhale masamba omwe kumudzi timangothyola kudimba. Banja lomwe lakulandirani lawonjezera pakamwa pamodzi pa bajeti yomwe inali yothina kale. Dzukani m'mawa, sesani, tsukani mbale, thandizani ana a pakhomopo homuweki, ndipo musathe mayunitsi a magetsi ndi kanema. Gwirani ntchito za pakhomo kaye, kenaka mupemphe chilolezo chopita kokayenda. Mukatenga msuweni wanu wa m'tauni kukhala wokulondolerani, mudzadabwa kuti mwina iyenso sanalowepo m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ija ngakhale anabadwira pa Chitawira. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Siyani mbiri yoti chaka chamawa adzakuitaneninso.

Kwa makolo ndi a komiti

Makolo, musanatumize mwana kambiranani ndi achibale a m'tauniwo za tsiku lofika, tsiku lobwerera ndi amene akamulandire ku Limbe. Masabata awiri okonzedwa bwino amaposa mwezi wathunthu wongokhala. Mwana abwerere kutatsala masiku angapo kuti sukulu itsegulire. Akafika, khalani naye pansi akuonetseni zomwe walemba m'kope. Mwana akadziwa kuti akafunsidwa, amayenda ndi maso otsegula.

Pali ana ambiri pasukulu pano omwe alibe wachibale ku Blantyre, ndipo ena sanafikepo n'komwe ngakhale mzindawu uli pamtunda woti munthu apita m'mawa n'kubwerako madzulo. Pempho lathu kwa a komiti ndi loti tiganizire ulendo wa tsiku limodzi wa kalasi yonse. Galimoto imodzi yahayala imatsika mtengo anthu akasonkherana, chakudya chingaphikidwe kuno, ndipo sukulu ikalemba kalata pasadakhale, malo ambiri amalandira ophunzira pagulu ndi kuwapatsa wowafotokozera. Podzera msewu wa Midima tingapatukire ku PIM ku Chiradzulu, komwe John Chilembwe anakhazikitsa mishoni yake mu 1900. Pakhale aphunzitsi aamuna ndi aakazi, ndipo chopereka cha ana amasiye ndi ovutika chiganiziridwe poyamba kuti pasakhale wotsala chifukwa cha umphawi.

Amene simupita kulikonse tchuthi chino musadzione otsalira. Njira yomweyi igwiritseni ntchito kuno: khoti la pa boma, msika wa Chitakale, minda ya tiyi, mathithi a ku Likhubula ndi agogo a m'mudzi mwanu. Alendo amalipira ndalama zambiri kuchokera kutali kudzaona phiri lomwe ife timaliona tikangotsegula chitseko.

Ntchito ya patchuthi

Aliyense abwere ndi mayankho a mafunso awa sabata yoyamba ya teremu. Amene sanapite ku Blantyre ayankhe funso 1, 2, 5 ndi 6, ndipo pa funso 3 ndi 4 agwiritse ntchito malo a kuno kwathu.

1. Fotokozani gwero la mayina awa: Blantyre, Mandala, Wenela ndi Ginnery Corner.
2. Tchulani njira zitatu zomwe boma la Mulanje limalumikizirana ndi mzinda wa Blantyre pa mbiri kapena pa chuma.
3. Jambulani mapu a ulendo umodzi womwe munayenda pansi, ndipo muonetse malo asanu omwe munadutsa.
4. Lembani ndalama zonse zomwe munagwiritsa ntchito patsiku limodzi. Ndi ziti zomwe mukanatha kupewa?
5. Yerekezani mitengo ya mbewu zitatu pamisika iwiri yosiyana, ndipo mufotokoze chomwe chikuchititsa kusiyanako.
6. Chezani ndi munthu wachikulire amene anagwirapo ntchito m'tauni kapena kunja kwa dziko lino. Lembani tsamba limodzi la zomwe wakuuzani, mutamupempha chilolezo.

Ntchito zitatu zolembedwa bwino zidzasindikizidwa m'kalata yathu ya teremu ikubwerayi. Tikufunirani tchuthi chabwino, muyende bwino ndipo mudzabwere nonse.